PHUNZIRO LA ZAUMOYO: TSIKU LIMENE LIDAPHONYEKA M'NTHAWI YA MLIRI

M'nyumba zina za ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Zingwangwa muli kabuku ka kuchipatala kamene kagona pansi pa sutikesi. M'kabukumo namwino adalembamo tsiku lakuti mayi wa m'nyumbamo abwerenso kudzayezedwa khomo la chiberekero. Tsikulo lidagwa m'chaka cha 2020 kapena 2021, nthawi ya mliri wa Covid-19, ndipo mayiyo sadapite. Mliri udatha mphamvu, koma alipo amayi amene kufikira lero sanabwerereko. Phunziro lathu likunena za iwowa. Tikupempha akatekisiti kuti aliwerenge mofatsa, kenaka akalifotokoze m'miphakati ndi m'misonkhano ya amayi.

1. Nthendayi ndi yotani?

Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo kotchedwa HPV, kamene mwamuna ndi mkazi amapatsirana pokhala malo amodzi. Kachilomboka n'kofala kwambiri, kotero kuti ngakhale mayi wokhulupirika m'banja angathe kukhala nako. Tisamanene kuti wodwala nthendayi ndi wachiwerewere, kapena kuti adalodzedwa ayi.

Mwa anthu ambiri thupi limakagonjetsa lokha kachilomboka. Koma mwa ena kamakhalitsa, nikayamba kuononga khomo la chiberekero pang'onopang'ono, monga momwe chiswe chimadyera mzati m'kati pamene kunja ukuoneka wolimba. Zimatenga zaka 15 kapena 20 kuti ifike pa khansa yeniyeni. Kwa mayi amene ali ndi HIV, makamaka ngati sakumwa mankhwala, zaka 5 kapena 10 zikwanira. Ndipo bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, limati amayi otere amadwala khansayi kasanu ndi kamodzi kuposa anzawo. Chiwerengero cha 2020 chidaonetsa kuti m'Malawi amayi opitirira 4,000 amapezeka nayo chaka chilichonse, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira.

2. Amayeza bwanji?

Kuyambira 2004 Unduna wa Zaumoyo wakhala ukuyeza amayi ndi viniga. Namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, nadikira mphindi imodzi. Ngati pali malo amene ayamba kuonongeka, amayera mbee. Malowo akakhala aang'ono amawawotcha kapena kuwaziziritsa ndi kachipangizo, kawirikawiri tsiku lomwelo, ndipo mayi amauzidwa kuti abwerenso pakatha chaka kuti aone ngati padapola. Akakhala aakulu kapena okayikitsa, mayi amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kumene amadula kanyama kakang'ono kuti akapime. Pa chipatalachi bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kuthandizana ndi boma pa nthendayi mu 2018. Amayi a zaka 25 mpaka 49 ndiwo amaitanidwa koposa, ndipo m'zipatala za boma salipira.

3. Mliri udasokoneza bwanji?

Pa 20 Malichi 2020 Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo pa 2 Epulo odwala oyamba adapezeka. Khoti lidaletsa lamulo lotsekera anthu m'nyumba masiku 21, komabe mantha adagwira anthu. Ambiri ankati kuchipatala ndiko kuli nthenda. Anamwino ena adadwala, ena adatumizidwa kukasamalira odwala mliri. Mtengo wa minibasi udakwera chifukwa cha lamulo lochepetsa okwera, ndipo mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe ankayenera kusankha pakati pa ulendo wa kuchipatala ndi ufa wa ana. Mu Januwale 2021 mliri udabweranso mwaukali kuposa kale.

Sukulu nazo zidatsekedwa pa 23 Malichi 2020 kwa miyezi ingapo. Katemera wa HPV, amene adayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu Januwale 2019 kwa atsikana a zaka 9, ankadalira kwambiri sukulu. Motero atsikana ambiri adamuphonya. M'zaka zimenezo m'Malawi mudalibenso makina owotchera khansa ndi cheza champhamvu. Ofunika chithandizo chotere ankatumizidwa kunja, koma maulendo a pandege adaima. Makinawa adayamba kugwira ntchito ku Blantyre mu 2024 pa chipatala cholipira, ndipo mu 2025 boma lidatsekula chipatala cha khansa ku Lilongwe.

Mu Meyi 2023 a WHO adalengeza kuti mliriwu sulinso ngozi yadzidzidzi pa dziko lonse. Koma kachilombo ka HPV sikadapumule m'zaka zonsezo. Kadali pa ntchito yake mwakachetechete.

4. Ndani ayenera kufulumira?

Kuchedwa sikuopsa mofanana kwa onse. Mayi amene adayezedwa napezeka ali bwino, kuchedwa kwa miyezi ingapo sikudamuike pa ngozi yaikulu, popeza nthendayi imayenda pang'onopang'ono. Koma tsopano zaka zapita, apite akayezedwenso. Oyenera kupita sabata ino yomwe ndi awa:

(a) Amene adapezeka ndi malo oyera koma sadalandire chithandizo, kapena adatumizidwa ku Queen Elizabeth osapita.

(b) Amene adadulidwa kanyama koma sadakamve zotsatira.

(c) Amene adawotchedwa koma sadabwerere chitatha chaka.

(d) Amene ali ndi HIV ndipo papita nthawi osayezedwa.

(e) Aliyense amene akutaya magazi pamene si nthawi ya kumwezi, kapena atakhala malo amodzi ndi mwamuna wake, kapena atasiya kale kusamba. Ndiponso wotuluka madzi onunkha kumusi, kapena womva kupweteka kosatha m'chinena ndi msana. Zizindikirozi sizitanthauza khansa nthawi zonse, koma wodziwa kusiyanitsa ndi wachipatala yekha.

5. Tichite chiyani?

Amayi, fukulani kabuku kaja lero, muone tsiku limene lidalembedwa. Ngati kadatayika, pitanibe, mukafotokoze zimene mukukumbukira. Musati, "Anamwino akandikalipira chifukwa ndidachedwa." Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Funsani pa chipatala chapafupi, ku Limbe, Ndirande, Bangwe, Zingwangwa kapena ku Mlambe ku Lunzu, masiku amene amayeza. Amene muli ndi ana aakazi, funsaninso za katemera wawo.

Abambo, perekani ndalama ya ulendo mosanyinyirika. Mkazi akawotchedwa, achipatala amalangiza kuti mudikire pafupifupi mwezi musanakhale malo amodzi. Lemekezani langizo limeneli.

Akatekisiti ndi atsogoleri a amayi, musafunse munthu za nthenda yake pagulu. Lengezani uthengawu kwa onse, ndipo sankhani amayi awiri osunga chinsinsi amene angaperekeze wamantha.

Mafunso okambirana

1. Kodi n'chifukwa chiyani mayi angathe kukhala ndi chiyambi cha khansayi osamva kupweteka?
2. Ndi amayi ati amene sayenera kudikira ngakhale sabata imodzi?
3. Mumphakati mwathu, ndani angaperekeze mayi wosowa ndalama ya minibasi, ndipo ndalamayo ichokera kuti?