PHUNZIRO 14: UTSI WOONEKA NDI UTSI WOSAONEKA

Cholinga: Ana adziwe kuti utsi umaononga mpweya m'njira ziwiri, ndi kuti anthu akagwirizana akhoza kuuchepetsa.

Zofunika: Koloboyi, machesi ndi mbale yoyera yachitsulo.

Chiyambi

Aphunzitsi, yatsani koloboyi pamaso pa ana, nimugwire mbale pamwamba pa lawi kanthawi pang'ono. Aonetseni mwaye umene wakhala pa mbaleyo. Tsono afunseni: Pakadapanda mbale, mwayewu ukadapita kuti? Musafulumire kuwayankhira.

1. Utsi wooneka

Simbani nkhani iyi mwa mau anuanu, osachita kuwerenga. Mu December 1952 kunazizira kwambiri mu mzinda wa London ku England. Anthu anasonkha moto wa malasha m'nyumba zao kuti aothe, ndipo nyumba zopangira magetsi nazonso zinali kutentha malasha. Mphepo inaleka kuomba, motero utsi unasakanikirana ndi nkhungu, nukuta mzinda wonse kuyambira pa 5 kufikira pa 9 December. Kunada ngakhale usana, mabasi naleka kuyenda. Boma linawerenga kuti anthu pafupifupi 4,000 anafa, makamaka okalamba ndi odwala chifuwa. Ofufuza a pambuyo pake anati anafika ngati 12,000.

Anthu a kumeneko sanangolira maliro basi. M'chaka cha 1956 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lochepetsa utsi wa malasha m'mizinda, ndipo pang'onopang'ono mpweya unayamba kuyera.

Apa kumbutsani ana kuti utsi wotere ulinso kwathu kuno. Bungwe la zaumoyo la WHO likuti mpweya woipa umafupikitsa moyo wa anthu pafupifupi 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo ambiri mwa iwo amaupuma pophikira nkhuni ndi makala. Mwana wobelekedwa kumbuyo m'khitchini yopanda zenera amapuma utsi womwe amai ake akupuma.

2. Utsi wosaoneka

Gawo ili ndi lovuta, choncho lifotokozeni mosathamanga. Malasha, petulo ndi dizilo zikamayaka zimatulutsanso mpweya wina wopanda mtundu ndi fungo, dzina lake carbon dioxide. Uwu sugwa msanga monga mwaye ai. Umakhala m'mlengalenga zaka zambirimbiri, nugwira kutentha kwa dziko monga bulangeti ligwira kutentha kwa thupi.

Akatswiri anayamba kuuyeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii m'chaka cha 1958. Nthawi imeneyo pa magawo 1,000,000 a mpweya, magawo ake anali ngati 315. Pofika 2024 anapitirira 420, ndipo chaka chimenecho chinatentha koposa zaka zonse zam'mbuyo zimene anthu anaziyeza.

Mpweya wofunda umanyamula madzi ambiri, kotero mvula ikagwa imagwa yamphamvu. Ana okulirapo akumbukira namondwe Freddy wa mu March 2023, pamene anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'Chigawo cha Kumwera. Ngati m'kalasi mwanu muli wina amene anataya mbale wake, yankhulani mofatsa.

Chenjezo kwa aphunzitsi

Mwana asabwerere kwao akuganiza kuti moto wa amai ake ndiwo unadzetsa namondwe. Dziko la Malawi limatulutsa mpweya umenewu pang'ono chabe. Wochuluka unachokera ku maiko a mafakitale ndi magalimoto ambiri. Ndiye chifukwa chake maiko anapangana ku Paris m'chaka cha 2015 kuti achepetse kutentha kwa dziko. Mzinda umodzi unatha kuyeretsa mpweya wake, koma mpweya wa dziko lonse ufuna maiko onse.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani utsi sunachoke mu London masiku aja?
2. Utsi wooneka usiyana bwanji ndi wosaoneka?
3. Ndani amapuma utsi wambiri pakhomo panu?

Zoti ana achite

Akapemphe makolo mwaulemu kuti kukhitchini kukhale potulukira utsi, nkhuni zikhale zouma, ndipo khanda ligonekedwe kutali ndi moto. Asatenthe mapulasitiki kapena tchire. Sabata yamawa yambani ndi kuwafunsa chimene anachita ndi chimene makolo anayankha.