Kunyamula Zolemera Popanda Ngozi: Mafunso ndi Mayankho kwa Amakaniko ndi Owotcherera Zitsulo a ku Chilinde

Munthu wa ku Chilinde akamva za kireni amaganiza za makina ataliatali amene amaoneka pomanga nyumba zosanja ku City Centre, kapena amene anagwira ntchito pa bwalo la Bingu National Stadium lisanatsegulidwe mu 2017. Koma ntchito yonyamula zolemera imachitika tsiku lililonse m'makwalala mwathu momwemuno. Makaniko akutulutsa injini ya minibasi ndi tcheni buloko, wowotcherera akuimika nsanja ya thanki yamadzi, lole yokhala ndi mkono ikutsitsa kontena yoti ikhale golosale. Masamu amene amasunga kireni yaikulu kuti isagwe ndi omwewo amene amasunga miyendo itatu ya paipi pa galaja. Kabuku kano kalembedwa chifukwa amisiri athu ali ndi luso lochuluka m'manja, koma masamuwo ambiri sanauzidwepo.

Tcheni buloko changa chinalembedwa kuti matani 2. Kodi si ndiye kuti ndinganyamule chilichonse chosaposa matani 2?

Ayi. Nambalayo ikunena za tcheni bulokocho chokha. Kulemera kwa injini kumayenda ulendo: kuchoka pa injini kupita pa chingwe chomangira, kenako pa mbedza, pa tcheni, pa mtanda umene mwakolekapo, pa malo amene munawotcherera, pa miyendo, mpaka pansi. Chilichonse pa ulendowu chimasenza katundu yense. Ku fakitale anayesa tcheni buloko, koma mtanda ndi miyendo munapanga nokha ndi zitsulo zogula kwa ogulitsa zitsulo zakale, ndipo palibe anaziyesa. Ngati mtandawo ungapirire makilogalamu 400 okha, chipangizo chanu chonse ndi cha makilogalamu 400, ngakhale pa tcheni buloko palembedwe zotani.

Zilembo za SWL kapena WLL zimene mumaona pafupi ndi nambala zikusonyeza malire a katundu amene chipangizo chinganyamule pa ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Koma ine ndinanyamulapo zoposa malirewo, osaduka. Ndiye malirewo ndi a chiyani?

Opanga amasiya mpata dala. Tcheni chabwino chonyamulira katundu chimaduka pa kulemera koposa malire ake pafupifupi ka 4, ndipo chingwe chawaya pafupifupi ka 5. Mpata umenewu si mphatso yoti muidye. Anauika chifukwa cha zinthu zimene sikelo siionetsa. Katundu akagwedezeka kapena akatsika mwadzidzidzi n'kuima, mphamvu imene tcheni chimamva imatha kuwirikiza kawiri. Dzimbiri limadya chitsulo. Ndipo nthawi zambiri timangoyerekeza kulemera kwa katundu ndi maso.

Palinso china chobisika. Chitsulo chikamakokedwa ndi kumasulidwa kambirimbiri chimatopa: kamng'alu kosaoneka kamayamba, makamaka m'mphepete mwa powotcherera kapena pa bowo la bawuti, n'kumakula pang'onopang'ono. Injiniya wa ku Germany, August Wöhler, anafufuza zimenezi m'zaka za m'ma 1860 poona kuti zitsulo zolumikiza mateyala a sitima zapamtunda zinkaduka pa katundu amene zinkanyamula bwinobwino kwa zaka. N'chifukwa chake chipangizo chimene munachilemetsa chaka chatha chimatha kuduka lero pa injini yaing'ono.

N'chifukwa chiyani lole ya kireni inatsitsa kontena pafupi ndi msewu koma dalaivala anakana kuifikitsa kuseri kwa mpanda?

Dalaivalayo anachita bwino, ndipo mukanayenera kumuthokoza. Tengani ndowa yodzaza madzi, muinyamule pafupi ndi thupi, kenako mutambasule mkono. Madzi sanachuluke, koma phewa likumva kuwawa ndipo thupi likufuna kugwera kutsogolo. Chimene chimagwetsa kireni si kulemera kokha, koma kulemera kuchulukitsa ndi mtunda wochoka pakati pa kireni kufika pamene katundu akulendewera.

Tiyerekeze kireni imene imanyamula matani 4 pa mtunda wa mamita 2. Kuchulukitsa kwake ndi 8. Pa mamita 4 inyamula matani 2 okha. Pa mamita 8 inyamula tani imodzi, mwinanso osafika, chifukwa mkono nawonso uli ndi kulemera kwake kumene kukukokera kutsogolo. Kontena ya mafiti 20 yopanda kanthu imalemera matani opitirira pang'ono 2, ndipo ya mafiti 40 imayandikira matani 4. Kireni yomweyo imene yatsitsa kontena pambali pake mosavuta ikhoza kugubuduka ndi kontena yomweyo ikatambasula mkono.

Makireni a pa lole, amene ambiri amangowatchula kuti Hiab potengera kampani ya ku Sweden imene inayamba kuwapanga m'zaka za m'ma 1940, amakhala ndi tchati chomatidwa pafupi ndi zowongolera, chosonyeza kulemera kololedwa pa mtunda uliwonse. Mukabwereka kireni, pemphani kuona tchaticho, yezani mtunda ndi tepi lole isanafike, ndipo muuze mwini wake kulemera kwenikweni kwa katundu. Kontena imene mwasiyamo matumba a simenti si yopandanso kanthu.

Nanga makireni ataliatali a ku City Centre amaima bwanji ndi mkono wautali chonchija?

Kumbuyo kwa mkono wautali kuli mkono waufupi umene umasenza zigumu za konkireti zolemera matani ambiri. Kireni ikakhala yopanda katundu imakokera kumbuyo, ikanyamula imakokera kutsogolo, ndipo nsanja yake ndi maziko a konkireti amene yamangiriridwapo anawawerengera kuti apirire mbali zonse ziwiri. Madzulo ntchito ikatha, woyendetsa amamasula mabuleki ozungulira kuti mkono uzitsatira mphepo m'malo molimbana nayo.

Mphepo yapha anthu ambiri pa ntchito imeneyi. Pa 11 Seputembala 2015 kireni yaikulu inagwera mu mzikiti waukulu wa ku Mecca pa nthawi ya mkuntho, ndipo anthu 111 anamwalira. Pa 14 Julaye 1999, ku Milwaukee m'dziko la America, kireni yotchedwa Big Blue inagwa ikunyamula gawo la denga la bwalo lamasewero kukuomba mphepo yamphamvu, n'kupha antchito 3. Kuno kwathu samalani ndi mwera wa mu Juni ndi Julaye, komanso mphepo imene imatsogolera mvula yoyamba. Malata, thanki yopanda madzi ndi chikwangwani ndi zopepuka, koma zimagwira mphepo kwambiri.

Ndikufuna kupanga chonyamulira injini pa galaja panga. Ndisankhe chitsulo chotani cha mtanda?

Apa m'pamene pamafunika kudekha, chifukwa maso amanamiza. Mtanda ukasenza katundu pakati, mbali yam'mwamba imafinyika, yam'munsi imakokeka, ndipo pakatikati sipagwira ntchito yambiri. Choncho mphamvu ya mtanda ili mu msinkhu wake kuposa m'lifupi mwake. Akalipentala a ku Mchesi amazidziwa: thabwa la mamilimita 50 kwa 150 likaimikidwa chammbali limasenza katundu wochuluka katatu kuposa likagonekedwa, ndipo kupindika kwake kumachepa ka 9. Mtanda wachitsulo wooneka ngati chilembo cha I unapangidwa motero kuti chitsulo chambiri chikhale m'mwamba ndi m'munsi, kumene kuli ntchito. Kuugoneka chammbali n'kutaya mphamvu imene munalipira.

Kutalika kwa mtanda nako kumasintha zonse. Mukatalikitsa mpata wa pakati pa miyendo kuchoka pa mamita 2 kufika pa mamita 4, mphamvu yofuna kuthyola mtanda imawirikiza kawiri, ndipo kupindika kwake kumawirikiza ka 8. Musapange chonyamulira chotakata kuposa mmene galimoto ikufunira.

Paipi yamadzi ndi zitsulo zopyapyala zopangira mafelemu a mawindo sizinapangidwire ntchito imeneyi. Mtanda wolumikiza zidutswa ziwiri pakatikati ndi woopsa kwambiri, chifukwa mwaika powotcherera pamalo enieni pamene mphamvu yachuluka. Musaboolenso kapena kudula ndi moto mbali yam'munsi ya mtanda.

Miyendo ndi yachitsulo chochindikala. Ingavute n'chiyani?

Mwendo wautali ndi woonda suyembekeza kuphwanyika, umapinda chammbali mwadzidzidzi popanda kuchenjeza. Katswiri wa masamu Leonhard Euler anaonetsa mu 1744 kuti mukawirikiza kawiri kutalika kwa mwendo woterewu, katundu amene ungasenze amatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo 4. Zitsulo zopingasa zimene ena amazichotsa pofuna kupulumutsa ndalama ndi zimene zimafupikitsa mwendowo, chifukwa zimaugawa m'zigawo zifupizifupi. Pa miyendo itatu ya paipi, mangani tcheni chozungulira m'munsi kuti isatambasuke, ndipo musakoke katundu chammbali. Injini ikatuluka kunja kwa miyendoyo, chonsecho chimagwa.

Nsanja ya thanki si kireni. Ikulowa bwanji m'nkhani imeneyi?

Chifukwa imasenza katundu woposa amene magalaja ambiri amanyamula, usana ndi usiku, pamwamba pa malo amene ana amasewera. Lita imodzi yamadzi imalemera kilogalamu imodzi. Thanki ya malita 5,000 ikadzaza ndi matani 5, ofanana ndi matumba 100 a simenti. Madzi akamavutavuta m'mipope, mabanja ambiri ku Chilinde, Kawale ndi Area 23 amagula matanki, ndipo nsanja imaperekedwa kwa wowotcherera amene watchula mtengo wotsika. Zimandidetsa nkhawa kwambiri ndikaona nsanja ya mamita 6 yopanda zopingasa, miyendo yake itangokwiriridwa m'dothi, pamene madzi odontha akudya chitsulo ndi dzimbiri. Mwendo uliwonse ukhale pa maziko a konkireti, pansi pa thanki pakhale pothandizidwa paliponse, ndipo amene wakuikirani thanki ya malita 2,000 asakusinthireni ndi ya 5,000 pa nsanja yomweyo.

Kodi kamangidwe ka chingwe pa katundu kali ndi kanthu?

Kali nako, ndipo ambiri amadabwa. Zingwe ziwiri zikaima chilili, chilichonse chimasenza theka la katundu. Zikamatambasuka, mphamvu imakwera. Ngodya ya pakati pake pa mbedza ikafika madigiri 120, chingwe chilichonse chimasenza kulemera kofanana ndi katundu yense. Kupitirira apo mphamvu imakwera mofulumira kwambiri. Gwiritsani ntchito zingwe zazitali kuti ngodyayo ichepe, ndipo pa ngodya zakuthwa za katundu ikani thabwa kapena chidutswa cha teyala.

Mbedza zopinda kuchokera ku zitsulo za Y12 kapena Y16 zomangira nyumba zitayeni. Chimodzimodzi tcheni cholumikiza ndi bawuti, ndi waya, kapena chowotcherera. Tcheni chonyamulira chinalimbitsidwa ndi moto woyezedwa ku fakitale, ndipo moto wa makina owotcherera umawononga kulimbako. Mbedza imene kamwa lake layamba kuyasama, tcheni chimene mphete zake zatalika kapena zaperepeseka, chingwe chawaya chothyoka tiwaya kapena chopotoka, zonsezi zamaliza ntchito. Ziduleni kuti wina asadzazitole.

Pansi pamavuta bwanji, poti lole ili ndi miyendo yake?

Mwendo umodzi wa kireni umatha kusenza gawo lalikulu la kulemera kwa lole ndi katundu pamodzi mkono ukatembenukira mbali yake. Tinene kuti ndi matani 10. Pa phazi la masentimita 30 kwa 30, dothi likumva ngati matani oposa 100 pa sikweya mita imodzi. Mukayala matabwa ochindikala a mita imodzi mbali zonse, likumva matani 10 okha. M'mapuloti a ku Chilinde muli maenje a zimbudzi zakale okwiriridwa, masepitiki thanki, ngalande ndi zitsime zimene mlendo sangazidziwe. Mwini puloti ayende ndi dalaivala, amulozere zonsezi. M'nyengo yamvula, dothi limene linali louma gwa mu Okutobala limatha kutitimira.

Yang'ananinso kumwamba. Mawaya a ESCOM amadutsa m'mphepete mwa misewu yathu yambiri, ndipo magetsi amphamvu amatha kulumpha mkono usanakhudze waya. Siyani mpata wosachepera mamita 3, ndipo ngati malo ndi opanikiza kambiranani ndi a ESCOM tsiku lisanafike.

Malamulo akutipo chiyani, ndipo ndingafunse ndani?

Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997, limene limayendetsedwa ndi unduna woona za ntchito, limapereka udindo kwa olemba anthu ntchito kuti makina ndi zipangizo zikhale zosaopseza moyo wa antchito. Mainjiniya amalembetsedwa ku Malawi Engineering Institution, ndipo ambiri anaphunzira ku MUBAS, imene kale inali Polytechnic. Kuwerengera mtanda umodzi kapena nsanja imodzi ndi ntchito yaing'ono kwa injiniya wa zomangamanga. Amisiri a ku Biwi Triangle kapena a m'dera limodzi akhoza kusonkherana, injiniya n'kuwajambulira pulani imodzi ya chonyamulira injini ndi ziwiri kapena zitatu za nsanja, zokhala ndi kukula kwa chitsulo chilichonse, n'kumazigwiritsa ntchito onse. Ndingakonde kuona masamu amenewa akuphunzitsidwa mozama kwa aliyense wophunzira kuwotcherera m'makoleji a TEVETA.

Ndapanga kale chonyamulira changa. Ndichite chiyani mawa m'mawa?

Chotsani girizi ndi penti pa malo onse owotcherera, muyang'ane ming'alu ndi tochi. Kenako chiyeseni ndi katundu wodziwika kulemera kwake, monga matumba a simenti a makilogalamu 50, woposa pang'ono injini yolemera kwambiri imene mumanyamula. Kwezani katunduyo masentimita 10 okha, anthu onse ataima patali, mudikire mphindi zingapo. Yezani ndi tepi kuchoka pansi kufika pakati pa mtanda musananyamule, mutanyamula, ndiponso mutatsitsa. Ngati mtanda sunabwerere pamene unali, wapindika kosatha ndipo usagwirenso ntchito. Ngati wabwerera, lembani ndi penti pa mtandawo kulemera kwa injini imene mumanyamulayo, osati kwa katundu woyesera, pamodzi ndi tsiku. Uzani anyamata ophunzira ntchito kuti dzanja, phazi kapena mutu zisalowe pansi pa injini yolendewera, ndipo amene akufuna kugwira kunsi kwake ayambe waikhazika pa zigumu zamatabwa.