Phunziro: Kuthandiza M'bale Wobwerera Kumudzi Nchito Itamuthera

Kuyambira pamene mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, ndi pamene migodi ya ZCCM inagulitsidwa pakati pa 1997 ndi 2000, midzi yathu yakhala ikulandira abale amene nchito inawathera. Mu 2015, mtengo wa kopa utatsika, enanso masauzande anacotsedwa nchito ku Copperbelt. Amafika ndi ana, katundu ndi ndalama zolekera nchito, ndipo kawirikawiri amayamba kufunsa nzeru kwa ife amene tinaphunzira zaulimi. Kodi tiwauze ciani?

Cimene cimagwetsa ambiri si ulesi ai. Munthu wozolowera malipiro a mwezi ndi mwezi sadziwa kuti munda umacedwa motani kubweza ndalama. Cimanga cobzalidwa mu Disembala cimakololedwa mu Meyi, ndipo ndalama zake zimabwera pambuyo pake. Miyezi yonseyo banja likudya, ana akudwala, acibale akupempha. Ngati ndalama zonse zinathera pa cigayo kapena pa galimoto yakale, njala imafika zokolola zisanafike, ndipo munthu amagulitsa motchipa zimene anagula modula.

Motero uphungu wathu woyamba ukhale wakuti ndalamazo zigawidwe patatu asanayambe kuzigwiritsa nchito: za cakudya ca banja kufikira nthawi yokolola, za mpamba wa malonda, ndi zosunga ku banki zodzamudzutsa akagwa.

Waciwiri, ayambe ndi malonda ang'ono obweza msanga. Repu amayamba kuthyoledwa patapita masabata 4 mpaka 6 ataokeredwa. Nkhuku za nyama zimagulitsidwa pa masabata 6. Mbuzi imatenga bere miyezi 5, ndiye mwana wake ayambe wakula. Imeneyo ndi nkhokwe ya mtsogolo, siingagule ndiwo za mawa.

Tiwerengere naye pamodzi. Nkhuku imodzi ya nyama imadya pafupifupi makilogalamu 4 kufikira tsiku logulitsa. Anapiye 50 afuna makilogalamu 200, ndiwo matumba 4 a makilogalamu 50. Popeza cakudya ndico cimatenga ndalama zoculuka, asagule anapiye asanapatule ndalama za matumba onsewo, za katemera wa citopa ndi Gumboro, ndi za makala ofunditsira anapiye. Apezeretu ogula, monga aphunzitsi, anamwino ndi eni malo odyera, pakuti nkhuku yopitirira masabata 6 imayamba kudya phindu. Zonse zolowa ndi zotuluka zilembedwe m'buku, ngakhale nkhuku yophera mlendo.

Wacitatu, tisaiwale luso limene wabwera nalo. Wowotcherera zitsulo, wamagetsi kapena makaniko sayenera kukakamizidwa kukhala mlimi wa cimanga. M'midzi mwathu ngolo, mapulawo, njinga ndi mapampu a sola zimangokhala zitawonongeka cifukwa cosowa wokonza.

Wacinayi, timuonetse kumene angapeze thandizo. Malo olima amapemphedwa kwa nyakwawa ndi mfumu. Mu 2023, lamulo linalola membala wa NAPSA amene wapereka kwa miyezi 60, kapena wafika zaka 45, kutengako magawo 20 pa 100 a ndalama zake, koma kamodzi kokha. Thumba la CDF, limene mu 2022 linakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse, limathandiza magulu ndi makopaletivu kudzera m'komiti ya citukuko ya wadi. Komabe ngongole ibwere pambuyo, atagulitsa kawiri kapena katatu ndipo buku lake laonetsa phindu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nchito ya mwezi uno: aliyense wa ife apeze munthu mmodzi wa m'dera lake amene nchito inamuthera, akhale naye pansi, ndipo alembe pamodzi ndalama zimene banjalo limadya pa mwezi, malonda amene akufuna kuyamba, ndi tsiku limene malondawo adzabweza kwacha yoyamba.