Musanakhulupirire makina otchipa a PCR, ayeseni

Achinyamata amene mukusonkha ndalama kuti mugule makina otchipa ochulukitsira DNA, gulani ndithu, sindikukuletsani. OpenPCR, imene anthu anaisonkhera ndalama pa Kickstarter mu 2010, inkagulidwa madola 599 munthu n'kukaimanga yekha kunyumba, pomwe makina a m'malabotale akuluakulu ankadya madola masauzande. Mu 2016 kamakina ka miniPCR kanachulukitsa DNA m'mlengalenga, mu International Space Station. Kutchipa pakokha si chilema.

Ntchito ya makinawa ndi kutenthetsa ndi kuziziritsa basi: madigiri 95 kuti zingwe ziwiri za DNA zilekane, pakati pa 50 ndi 65 kuti ma primer (tizidutswa ta DNA tosonyeza poyambira kukopera) agwire, 72 kuti enzaimu ya Taq ikopere DNA, n'kubwereza maulendo ngati 30. Popunthwira ndi pa sitepe yapakatiyo. Makina akaphonya ndi madigiri ochepa chabe, ma primer sagwira, kapena amagwira polakwika, ndipo pa gel yoonerapo zotsatira pamakhala mbee kapena mizere ya mbwee. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti nambala ya pa sikirini imachokera ku sensa ya m'chitsulo chokhalamo machubu. Madzi a m'chubumo amatsalira m'mbuyo, ndipo nthawi zambiri mabowo a m'mphepete amazizirako kusiyana ndi apakati.

Choncho musanawononge Taq yanu yodulayo, pezani thermocouple yopyapyala, waya woyezera kutentha. Boolani chivindikiro cha chubu cha 0.2 ml, thiranimo madzi ofanana ndi amene muzigwiritsa ntchito, lowetsani nsonga ya wayayo, muyendetse pulogalamu yonse. Yesani bowo lapakati, kenako la pakona, mulembe m'kope. Pakatha miyezi bwerezani, chifukwa ma Peltier, amene amatenthetsa ndi kuziziritsa chitsulocho, amatopa ndi kutentha n'kuzizira kosalekezaku. Mukatulutsa chubu, chiyang'aneni pa kuwala. Timadontho tikamata kunsi kwa chivindikiro, ndiye kuti chotenthetsera cha pamwamba chikulephera. Chimayenera kupitirira madigiri 100. Dontho la mineral oil pamwamba pa madziwo limathandiza.

Chimene chimandipweteka mtima n'kuona mwana wakhama akusangalalira mzere umene wachokera ku DNA yotsalira pa pipette. Taq sisankha, imakopera chilichonse chimene ma primer agwira. Ulendo uliwonse muziika chubu chimodzi cha DNA yodziwika kuti imatuluka, ndi china chokhala ndi zonse koma madzi m'malo mwa DNA. Choyambacho chikakana, vuto lili pa makina kapena mankhwala. Chachiwiricho chikaonetsa mzere, tayani zotsatira zonse ngakhale zikongole bwanji. Ndipo posakanizira mankhwala pasakhale pomwe mumatsegulira machubu amene atuluka m'makina.

Ngati kwanuko magetsi amathimathima, UPS kapena batire ikhale m'bajeti kuyambira pachiyambi, ndipo Taq muziisunga mufiriji pa madigiri 20 pansi pa ziro.

Makinawa phunzirirani pa zomera, bowa, tizilombo ta m'munda. Mnansi akakupemphani kuti mumuyeze matenda kapena mumuuze bambo wa mwana wake, kanani mwaulemu, mumulozere kuchipatala kapena ku labotale yovomerezeka.