Kaimbidwe Koyenera ka Gitala Wogoneka Pamiyendo

  Lero pa pologalamu yathu ya zoimbaimba tiphunzira gitala amene sakolekedwa paphewa. Ameneyu amagonekedwa chagada pamiyendo, ndipo nsambo zake sazidinikiza ndi zala, amaziyendetsera kachitsulo pamwamba. Dzina lake ndi lap steel. Tiphunziranso timikono tachitsulo timene ena amamangirira kumunsi kwake, totchedwa palm bender, timene woimba amatidinikiza ndi chikhatho kuti nsambo ikwere mawu. Amene muli ndi gitala pafupi, mutengeni. Amene mulibe, tengani pepala ndi cholembera.

Kaimbidwe kameneka kanayambira ku zilumba za Hawaii, kwa mnyamata wina dzina lake Joseph Kekuku, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880. Mu 1932 kampani ya Rickenbacker ku America inayamba kugulitsa gitala wotereyu wamagetsi, ndipo oimba nyimbo za country anamukonda. Mu 1953 Bud Isaacs, poimbira Webb Pierce nyimbo yotchedwa Slowly, anaponda chopondera chokweza nsambo mawu ali mkati molira. Kuchokera pamenepo kunafala kulira kokoka kuja kumene mumakumva mu nyimbo za country, zimene ife Amalawi timazikonda chikhalire. Koma gitala wa zopondera ndi wolemera ndiponso wodula. Timikono ta chikhatho, monga timene kampani ya Duesenberg ya ku Germany imapanga, timapereka gawo la kulira komweko pa gitala woti n'kumunyamula pakabaza.

Musaganize kuti izi n'zachilendo kwathu kuno. Akuluakulu akukumbukira gitala wa hauyani, amene Ndiche Mwarare anatchuka naye. Gerhard Kubik, katswiri wa ku Austria amene anagwira ntchito ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka kuyambira mu 1967, analemba za kaimbidwe kameneka. Lero Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amayendetsa botolo pa nsambo ya babatoni. Khutu la Mmalawi likuwadziwa kale mawu otsetsereka. Chatsala ndi kuphunzitsa manja.

Choyamba, kakhalidwe. Khalani pampando wopanda zotsamira manja, mapazi onse apondetse pansi. Gonekani gitala pantchafu, mutu wake uloze kumanzere. Nsambo zikhale zotukuka, kuti kachitsulo kasagunde mizere ya pakhosi pa gitala. Ngati gitala wanu ndi wamba, kwezani nsambo poika kachitsulo kapena kafupa kokhuthala pamene zimadutsa kumutu kuja.

Chachiwiri, kuchuna. Tiyamba ndi kiyi ya D. Kuchokera ku nsambo yonenepa ya 6 mpaka yaing'ono ya 1, zikhale motere: D, A, D, F shapu, A, D. Ndibwereza: D, A, D, F shapu, A, D. Ngati gitala wanu anali wochunidwa mwa masiku onse, nsambo ya 5 ndi ya 4 musazikhudze. Tsitsani ya 6 ifike pa D, ya 3 pa F shapu, ya 2 pa A, ya 1 pa D. Mukakhwacha zonse osagwira paliponse, mumva D wathunthu. Kachitsulo kakakhala pa mzere wa 5 mumva G, pa mzere wa 7 mumva A, pa mzere wa 12 mumvanso D koma wapamwamba. Ndi malo amenewa mutha kuperekeza nyimbo zambiri za kwaya.

Chachitatu, dzanja lamanzere, ndipo apa m'pamene pagona luso lonse. Kachitsulo kakhale kozungulira, kosalala ndi kolemerera. Ngati mulibe kogula, kapaipi kosalala kapena kabotolo kakang'ono kangathandize. Kagwireni pakati pa chala chachikulu ndi chapakati, chamkombaphala chigone pamwamba pake. Mvetsetsani apa: pa gitala wamba timadinikiza kumbuyo kwa mzere, koma pa gitala uyu kachitsulo kamaima pamwamba penipeni pa mzere. Mukaphonya pang'ono, mawu apotoka, ndipo palibe chokubisani. Kakhale kowongoka, kotsata mzerewo, osati kopendekeka. Musapanikize mpaka nsambo kukhudza thabwa; kulemera kwa kachitsulo ndi mphamvu pang'ono n'zokwanira. Zala ziwiri zotsalazo zigone pa nsambo kumbuyo kwa kachitsulo, zizikhwekhwereza pamene kakuyenda. Zimenezi ndizo zimapha phokoso losafunika.

Chachinayi, dzanja lamanja. Imbani ndi zala zitatu: chachikulu pa nsambo zonenepa, chamkombaphala ndi chapakati pa zing'onozing'ono. Ambiri amavala zokhwachira kuzala zimenezi kuti mawu atuluke owala. Phunzirani kuletsa nsambo ndi m'mphepete mwa chikhatho musanalize ina. Woimba amene sadziwa kutontholetsa nsambo amasakaniza mawu, nyimbo n'kusanduka chisokonezo.

Ndikupemphani, omvera, musathamangire timikono manja awiriwa asanakhazikike. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kamkono sikakonza khutu. Ngati kachitsulo kali pamalo olakwika, kamkono kangokweza cholakwacho kuti aliyense achimve.

Tsopano timikono tija. Nthawi zambiri timakhala tiwiri, tomangiriridwa pamene nsambo zimathera kudzanja lamanja. Kena kamakoka nsambo ya 2 kuchoka pa A kufika pa B. Kanzake kamakoka nsambo ya 3 kuchoka pa F shapu kufika pa G. Mukadinikiza tonse tiwiri, D uja asanduka G kachitsulo kasanasunthe. Pa mzere wa 7, A amasanduka D. Mukadinikiza ka nsambo ya 2 kokha, mupeza B maina, mawu achisoni aja. Kukoma kwake n'kwakuti nsambo ziwiri zikukwera pamene zinzake zaima, chinthu chimene kachitsulo kowongoka pakokha sikangachite. Koma samalani: timikono tikadinikizidwa, imbani nsambo zinayi zing'onozing'ono, ya 5 muisiye, chifukwa iyo yatsalira pa A ndipo isemphana ndi zinzake.

Kachunidwe kake kali pawiri. Yambani ndi nsambo kamkono kali komasuka, muichune kumutu monga mwa nthawi zonse. Kenaka dinikizani kamkono mpaka kagunde polekezera, mumvere. Ngati mawu sanafike kapena apitirira, musakhudze kumutu; potozani kasikuluwu ka pakamkonoko, ndiko kamalamula pamene kaimire. Masulani, mumvenso ngati nsambo yabwerera pamalo pake. Ikapanda kubwerera, ndiye kuti ikukodwa pamene imadutsa kumutu. Pakanipo mtovu wa pensulo kuti iziterera.

Podinikiza, mphamvu ichokere pamfundo ya dzanja, zala zikhalebe pafupi ndi nsambo. Lizani kaye nsambo, kenaka tsitsani chikhatho pang'onopang'ono mpaka kumapeto, osaimira panjira. Pomasula chitaninso mofatsa, chifukwa kutsika kwa mawu nakonso ndi nyimbo. Yesani izi: werengani kanayi pa D, dinikizani muwerenge kanayi pa G, masulani, tsetserekani kupita pa mzere wa 7, dinikizaninso kuti mutsirize pa D. Chitani zimenezi mphindi 15 tsiku lililonse, modekha, phazi likugunda pansi.

Mawu ochepa pa kasamalidwe. Timikono timafuna gitala wa thabwa lolimba. Mukatikhomera pa gitala wabokosi wa thabwa lopyapyala, mphamvu ya nsambo ingathe kung'amba thabwalo. Amene mukufuna kuti owotcherera akupangireni, yeserani kaye pa thabwa wamba, osati pa gitala wa mpingo. Nsambo ya 2 ndi ya 3 zimatopa msanga chifukwa chokokedwakokedwa, choncho sungani zapadera, ndipo pochuna nkhope ikhale patali. Kutentha kwa kuno ku Liwonde mukukudziwa, makamaka mwezi wa Okutobala: musasiye gitala padzuwa kapena m'galimoto yotseka, ndipo mukatha kuimba pukutani thukuta pa nsambo ndi pa kachitsulo kuti zisachite dzimbiri.

Dera lathu lino si lachilendo pa nyimbo. Ku Balaka kunabadwira Alleluya Band, ndipo kunatuluka Paul Banda ndi Lucius Banda. Achinyamata a m'makwaya ndi m'mabandi, pakati pa makibodi ochulukawa pakusowa mawu a gitala wotsetsereka. Chunani gitala wanu pa D lero lomwe, phunzirani kuimika kachitsulo pa mzere ndi kutontholetsa nsambo, ndipo timikono tidzakupezani muli okonzeka.