Chokana Moto Usachikakamize

Mlamu wanga amakonza mawailesi. Kanyumba kake kogwiriramo ntchito kali kuseri kwa nyumba yawo, m'mudzi mwathu m'chigwa cha Domasi, pamene ukaima pakhomo umaona phiri la Zomba mbali iyi, la Malosa mbali inayo. Anthu amabwera ndi mawailesi, ma TV ndi mafoni kuchokera ku Songani ndi midzi yozungulira. Zina amazidzutsa, zina zimakanika, ndipo zokanikazo eni ake kawirikawiri sabweranso kudzatenga. M'kupita kwa zaka, kuseri kwa kanyumbako kudakula mulu wa ma TV akale aja a chimimba kumbuyo, mabolodi ndi mawaya opiringizana ngati chilambe.

Atayamba kufika anyamata ogula zitsulo zakutha, ali ndi masikelo awo m'manja, mulu uja udasanduka ndalama. Kopa ndiye ankamufuna kwambiri. Kusenda waya mmodzimmodzi alamu adaona kuchedwa, choncho Loweruka madzulo ankaunjika mawaya kudzala, kuthira palafini pang'ono, n'kuyatsa. Chiutsi chakuda bii chinkakwera n'kukayala pa nthochi za kudimba. Kukacha ankafukula phulusa ndi kamtengo n'kumatola kopa.

Mabokosi a ma TV nawo adawapezera ntchito. Mkazi wawo, mlongo wanga, ankavutika kukoleza mbaula makala akakhala onyowa, ndiye alamu ankamuswera zidutswa zoti aziyatsira. Zidutswazo zinkachita makani. Jumbo ukaliyatsa limalilima lokha n'kumadontha moto, koma izi zinkangofewa, kuchita thovu, kutulutsa utsi wolasa m'mphuno, ndipo ukangozisuntha pa lawi moto unkazima. "Amenewa ndi mapulasitiki olimba akunja, amangofunika kuwakakamiza," ankatero alamu. Ankawonjezera jumbo ndi palafini mpaka zitagonja.

Mwezi wa June utafika ndi chiperoni chake, mbaula idayamba kukolezedwa pakhonde n'kulowetsedwa m'nyumba utsi usanathe. Mwana wa mlongo wanga, wa zaka zinayi, adayamba kutsokomola usiku. Maso adafiira, misozi osaleka. Usiku wina chifuwa chidayamba kulira ngati wenzulo, nthiti zikukokeka popuma. M'bandakucha adathamanga naye kuchipatala pa njinga ya kabaza. Adokotala atamumvetsera pachifuwa adafunsa: "Mayi, kunyumba mumakolezera chiyani moto?" Mlongo wanga atafotokoza, iwo adati: "Mankhwala ndikupatsani, koma mwanayu akabwerera mu utsi womwewo mubweranso, ndipo mwina simudzafika naye msanga chonchi."

Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi wako. Monga mwinimbumba adandiitana, ndipo ndisanakhale pansi ndi alamu ndidatenga chidutswa chimodzi cha bokosi la TV kupita nacho kwa aphunzitsi anga akale a sayansi, amene adapuma ntchito. Adayatsa kandulo, kuika chidutswacho pa lawi, kuchichotsa, moto n'kuzima pomwepo. Adachita kawiri, kenaka adachitaya panja n'kukasamba m'manja ndi sopo.

"Mwanawe, chinthuchi chikukana moto chifukwa adachipanga kuti chizikana," adatero. Adafotokoza kuti ma TV akale ankatentha kwambiri m'kati, ndipo poopa kuti nyumba zingapse, opanga ankasakaniza m'mapulasitiki mankhwala oletsa moto. Ambiri mwa mankhwalawo ali ndi bromine, ndipo odziwika kwambiri ndi a m'gulu la PBDE. Akatenthedwa amatulutsa bromine amene amatsamwitsa lawi. Kuti agwire bwino ntchito amawaphatikiza ndi ufa woyera wotchedwa antimony trioxide, umene bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa World Health Organization, lidauika m'gulu la zinthu zimene zikhoza kuyambitsa khansa. Mankhwala otere amapezekanso m'mabokosi a makompyuta akale, m'mipando ya galimoto ndi m'masiponji ena. Amangosakanizidwa ngati mchere m'ndiwo, choncho amatuluka pang'onopang'ono n'kulowa m'fumbi, makamaka chinthucho chikamaswedwa, kuchekedwa kapena kukhala padzuwa. Ukachikakamiza kupsa pa moto wa pabwalo, umapanga poizoni woposa pamenepo, wa mtundu wa dioxin. Chikopa cha mawaya ambiri nacho ndi cha PVC, chimene chikamapsa chimatulutsa mpweya wa asidi wowotcha kukhosi ndi m'maso.

"Chifuwa cha mwanayo chikhoza kubwera ndi utsi woipa wamtundu uliwonse, ndipo chimenecho mwachiona ndi maso," adapitiriza. "Chimene ndikuopa ine ndi chosatsokomoletsa." Mankhwalawa sawola msanga. Akalowa m'thupi amakhazikika m'mafuta kwa zaka, amadutsa m'mkaka wa m'mawere kupita kwa khanda, amasokoneza kachiwalo ka pakhosi kamene kakatupa timati chithokomiro, ndipo ofufuza adapeza kuti angasokonezenso kakulidwe ka ubongo wa mwana. N'chifukwa chake mayiko a m'pangano la ku Stockholm la 2001, limene Malawi adalowamo, adaletsa mitundu ina ya PBDE mu 2009, ndi mtundu wa decaBDE mu 2017. Koma lamulo silichotsa mankhwala m'TV imene idapangidwa kale, ndipo zakalezo ndi zimene zadzaza kuseri kwa nyumba zathu.

Kenaka adandisimbira zimene zidachitika ku Michigan, m'dziko la America, mu 1973. Kampani ya Michigan Chemical inkapanga zinthu ziwiri pa fakitale imodzi: FireMaster, mankhwala oletsa moto m'mapulasitiki a m'gulu la PBB, ndi NutriMaster, wosakaniza m'chakudya cha ng'ombe. Matumba osindikizidwa bwino atasowa, mankhwala oletsa moto aja adaikidwa m'matumba wamba ofanana ndi enawo, ndipo ena adatumizidwa kopangira chakudya cha ziweto. Ng'ombe zidasiya kudya, mkaka udachepa, ziboda zidakula mopindika. Mlimi wina, Frederic Halbert, amene adaphunziranso sayansi ya mankhwala, adalimbikira kufufuza mpaka gwero lidadziwika mu 1974. Pofika pamenepo anthu adali atamwa mkaka ndi kudya nyama ndi mazira kwa miyezi yambiri. Mafamu oposa 500 adatsekedwa. Ng'ombe pafupifupi 30,000, nkhumba 4,500, nkhosa 1,500 ndi nkhuku 1.5 miliyoni zidaphedwa n'kukwiriridwa. Patapita zaka makumi angapo, mankhwalawo ankapezekabe m'magazi a anthu a kumeneko.

Ndidati m'mtima, kumeneko ndi kutali, ndipo kudali fakitale. Aphunzitsi adakhala ngati andimva. Adatchula Agbogbloshie, mu mzinda wa Accra ku Ghana, kumene anyamata ankawotcha mawaya ndi zipangizo zamagetsi pofuna kopa, monga momwe ankachitira alamu. Mu 2019 mabungwe a IPEN ndi Basel Action Network adalengeza kuti adayeza mazira a nkhuku zoyenda zokha pamalopo, ndipo adapezamo dioxin wochuluka koopsa, kuphatikizapo wochokera ku mankhwala oletsa moto.

Apa mtima wanga udagunda. Ndidaona m'maganizo nkhuku zachikuda za mlongo wanga zikupalasa kudzala kuja, thadzi likusamba m'phulusa lakuda mpaka nthenga kusintha mtundu. Ndidakumbukiranso kuti kuyambira pomwe mwana adadwala, mayi wake ankamuwiritsira dzira tsiku lililonse kuti abwezeretse thupi. Phulusa la m'mbaula ankatsukira mapoto, lina n'kumwaza pa nkhwani ndi mpiru kudimba.

Madzulo omwewo tidakhala pamphasa atatu. Ndidafotokoza zonse monga ndidazimvera. Alamu adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati: "Alamu, ndamva. Koma sopo ndi mchere m'nyumba muno zimachokera pa kopa yemweyo." Sadaname, ndipo sindidapite kukawaletsa ntchito yawo. Mlongo wanga ndiye adadula nkhani: "Bambo a mwana, usiku uja mudamumva mmene ankapumira. Ine ndisenda nawo mawayawo, koma moto uja usayakenso pakhomo pano."

Kuyambira tsiku limenelo mawaya amasendedwa ndi mpeni ndi pulayala. Ntchito imachedwa, zala zimawawa, koma kopa amatuluka wowala ndipo ogula samukana. Mabokosi a ma TV adasanjidwa osaswa m'kachisakasa kofolera, kotseka, kumene dzuwa, mvula ndi ana sizifika. Posesa m'kanyumba ka ntchito amayamba awaza madzi kuti fumbi lisabuke, ndipo akamatsegula TV yakale amaphimba kukamwa ndi mphuno. Nsima sadyeranso pa tebulo la ntchito, amasamba m'manja ndi sopo asanagwire chakudya kapena mwana, ndipo malaya a ntchito amachapidwa paokha. Pamene padali moto paja tidakwirirapo dothi lochindikala n'kumangapo mpanda wa minga kuti nkhuku zisapalasepo, ndipo sitibzalapo chodyedwa chilichonse. Mbaula imakolezedwa ndi zitsononkho ndi timitengo touma, panja, mpaka utsi utatheratu. Mwana adachira chifuwa. Za zimene zidalowa kale m'thupi mwake kudzera m'mazira ndi m'fumbi, palibe mwa ife amene angazibweze, ndipo zimenezo zimandipweteka mpaka lero.

Ndikamayenda m'chigwa chathu ndimaonabe utsi wakuda ukukwera kuseri kwa nyumba ndi m'mbali mwa misika, ndipo amayi ambiri akukolezabe moto ndi mapulasitiki. Tisaiwale kumene tikukhala. Mvula ikagwa imakokolola phulusa kupita mu mtsinje wa Domasi, umene umathirira minda ya mpunga kumunsi, n'kukathira m'nyanja ya Chilwa. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Chimene tatumizako chimakhala komweko, pamodzi ndi matemba, milamba ndi makumba amene tidzawagule tokha pa Songani.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Alamu adaona okha kuti zidutswa zija zikukana moto, koma sadafunse chifukwa chake, ndipo nanenso ndidadutsa pa utsi uja kangapo osafunsa. Inu amene muli ndi ma TV, makompyuta kapena mawaya akutha pakhomo, musawotche, musakolezere moto, ndipo musapatse ana kuti azisewera nazo. Sungani osaswa pamalo ouma, ndipo funsani alangizi a zaumoyo, a zachilengedwe ku khonsolo ya boma la Zomba kapena bungwe loteteza chilengedwe la MEPA za njira yoyenera yotayira. Mukaona mnansi akuyatsa mulu wa mawaya, pitani mukamuuze mwaulemu, pakuti utsi wake ndi nkhuku zake sizidziwa malire a pakhomo. Ndalama ya kopa imatha pa sabata imodzi, koma poizoni wa m'phulusa mwana amakula naye.