Musathamangire kuiyatsa

Wailesi yakale kawirikawiri siifa ndi ukalamba. Imaphedwa ndi munthu amene waitola, tsiku lomwe waitolalo, pamene wangopukuta fumbi n'kubaya pulagi pakhoma kuti aone ngati ikadali ndi moyo. Ndikulankhula ndi inu achinyamata amene mwadzaza m'makhonde a mu Old Town, kuyambira mumsewu wa Malangalanga mpaka cha kudepoti, mukusintha magalasi a mafoni ndi kuwotcherera potchajira. Ntchito mumaitha, ndipo manja anu ndi opepuka kuposa athu. Koma tsiku lina padzaima galimoto, mudzatsika mayi wa ku Area 10 kapena ku Area 43, wantchito wake atasenza chibokosi chamatabwa, n'kunena kuti, "Achimwene, iyi inali ya malemu bambo anga, ndikufuna ilankhulenso." Tsiku limenelo changu chimene chimakudyetsani chidzasanduka mdani wanu.

Choyamba dziwani chimene chili pathebulo panu. Zisanafike za mathiransisita, mawailesi ankayendera mavavu, timababu tagalasi tochotsedwa mpweya wonse m'kati. Mu vavu muli kawaya kamene kamatentha mpaka kufiira n'kumatulutsa magetsi owoloka kupita ku kachitsulo kena. Pakati pa ziwirizi pali kaukonde ka waya, ndipo kamphamvu kochepetsetsa kochokera ku eriyo kakafika pa kaukondeko kamalamula kuchuluka kwa magetsi owolokawo. Umu ndi mmene mawu osamveka n'komwe amakulira mpaka kugwedeza sipika. John Ambrose Fleming anapanga vavu yoyamba mu 1904, Lee de Forest n'kuwonjezamo kaukondeko mu 1906, ndipo thiransisita imene inadzalanda malo ake inatulukiridwa mu 1947. Chifukwa cha kapangidwe ka vavu kameneka, wailesi yotere imayamba yakhala chete ikayatsidwa, kudikira kuti mavavu atenthe. N'chifukwa chakenso m'mimba mwake mumayenda mavolti 250 kapena kuposerapo, pamene foni imene mwazolowera batire lake silifika ndi pa 5 pomwe.

Mawailesi amenewa ali ndi mbiri kuno kwathu. Mu 1949 kampani ya Ever Ready ya ku Britain, popemphedwa ndi Harry Franklin amene ankayang'anira zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, inatulutsa wailesi yotchipa yotchedwa Saucepan Special. Inali ndi mavavu anayi, chikopa chake chinali poto wa aluminiyamu wopakidwa utoto wa buluu, m'mabowo munali kaukonde kotchinga tizilombo, ndipo inkagulidwa mapaundi 5, batire lake padera. Pa wailesi imeneyi agogo athu ku Nyasaland ankamvera Chinyanja chochokera ku Central African Broadcasting Station ku Lusaka, kumene Alick Nkhata ankaulutsa mawu ndi kuimba. Kenako machona ndi anyamata a Wenela anayamba kubwera ndi ma Supersonic opangidwa ku Bulawayo, azungu a m'nyumba za ku Area 3 anali ndi ma Pye, ma Bush, ma Philips ndi ma Grundig, ndipo MBC itayamba mu 1964 mabanja ambiri anagula mawailesi a Nzeru opangidwa ku Blantyre. Apa samalani. Si wailesi iliyonse yakale imene ili ya mavavu. Mawailesi a Nzeru ndi magumbagumba ambiri ndi a mathiransisita, ndipo kakonzedwe kake n'kosiyana. Tsegulani kumbuyo muone musanalonjeze kanthu.

Musanagwire chida chilichonse, funsani mwiniwake. Inalira komaliza liti? Inasungidwa kuti, m'chipinda, m'galaja kapena m'nyumba ya antchito yodontha? Alipo anaiyatsapo masiku ano, ndipo inatuluka utsi? Alipo mmisiri wina anaigwirapo? Safunsa anadya phula. Mukatero ijambuleni ndi foni mbali zonse, pamwamba, pansi, waya uliwonse, chifukwa mawa mudzaiwala kumene kawaya kofiira kanachokera.

Tsopano yang'anani ndi maso, nunkhizani ndi mphuno. Wailesi imene yakhala zaka zambiri muno mu Lilongwe mumaipeza ndi fumbi lofiira la mu Okutobala litagwirana ndi chinyontho cha dzinja n'kuuma gwa pachitsulo. Pangodya pamakhala chisa cha khoswe cha nyuzipepala zong'ambika, mazira a mphemvu atamatirira kunsi kwa thiransifoma, mavu ataumba kanyumba kadothi kuseri kwa sipika. Chingwe cholowera magetsi, chimene chinakutidwa ndi labala, chimayoyoka mukangochipinda, waya n'kutsala pamtunda. Timakapasita tapepala tokutidwa ndi phula timakhala titasweka, phula litayenderera. Ikanunkha chopsereza cha vanishi pafupi ndi thiransifoma, dziwani kuti wina anakutsogolerani kuiyatsa ndipo ntchito yakula. Chotsani zonsezi ndi burashi yofewa ndi kapampu kouzira mpweya, mutavala chotchinga kumphuno, chifukwa mawailesi ena akale anaikidwa asibesitosi potchinga kutentha. Mukaona kachinsalu kotuwa kofumbutuka pafupi ndi pamene pamatentha, musakakande. Ngati ndi nyengo yamvula, isiyeni masiku angapo pamalo ouma, podutsa mphepo.

Za moyo wanu ndinena mosapsatira. Makapasita akuluakulu amasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa, choncho muziwatsitsa mphamvu kudzera mu rezisita, kenako muyeze ndi mita mutsimikize kuti atheratu. Osawagundanitsa ndi sikuludiraiva monga amachitira ena pofuna kuonetsa ukatswiri. Pali mawailesi ena opanda thiransifoma, amene waya wa ESCOM umafika mwachindunji pa chasisi, chitsulo chimene zipangizo zonse zakhazikikapo. Pulagi ikalowa motembenuka, chitsulo chonsecho chimakhala ndi mavolti 230. Otere musawagwire popanda thiransifoma yolekanitsa wailesi ndi magetsi a pakhoma. Poyeza wailesi yoyaka gwiritsani dzanja limodzi, linalo likhale m'thumba, kuti magetsi asapeze njira yodutsa pamtima. Valani nsapato, musaime pasimenti yonyowa, ndipo pakhale munthu wina pafupi wodziwa pozimitsira. Onaninso kumbuyo ngati pali kosinthira mphamvu ya magetsi. Mawailesi amene anabwera ndi anthu a m'maofesi a akazembe ku City Centre, makamaka ochokera ku America, ambiri ndi a mavolti 110 mpaka 120, ndipo pa magetsi athu amapsa nthawi yomweyo.

Tsiku loiyatsa likafika, mutasintha chingwe ndi fyuzi, musailumikize mwachindunji. Tengani babu lakale la kawaya, la mawati 60 kapena 100, muliike panjira ya waya wamoto kuti magetsi adutse kaye m'babumo asanafike mu wailesi. Ma energy saver ndi ma LED sagwira ntchito imeneyi, ndiye mukapeza mababu akale m'golosale ina gulani angapo musunge, akusowa. Mukayatsa, maso akhale pa babu. Wailesi ikakhala bwino babu limawala kamodzi n'kuzilala mpaka kutsala kofiirira chabe, mavavu n'kuyamba kuyaka pang'onopang'ono, kenako kumveka kakung'ung'uza mu sipika. Babu likawala kwambiri osazilala, zimitsani msanga, penapake pagundana. Babu lotchipalo lapulumutsa thiransifoma imene simukanaipeza m'sitolo iliyonse. Musayesere ntchitoyi pa jenereta kapena pa invata, ndipo magetsi akazima zulani pulagi, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi ukali.

Achinyamata ambiri akaona wailesi yosalankhula amathamangira kunena kuti mavavu afa. Nthawi zambiri mavavu ndiwo amakhala amoyo. Vavu yabwino imakhala ndi banga lonyezimira ngati siliva m'kati mwa galasi, ndipo bangalo likayera mbuu ndiye kuti mpweya walowa, yatha. Zimene zimakalamba ndi makapasita. Apepala amamwa chinyontho n'kuyamba kudontheza magetsi, ndipo akuluakulu aja amauma, wailesi n'kumangolira huuu. Woopsa kwambiri ndi kapasita kakang'ono kamene kamapereka mawu ku vavu yomaliza, monga EL84 kapena 6V6. Kakamadontha, vavuyo imakoka magetsi opyola muyeso n'kuwotcha thiransifoma ya sipika. Kameneko sinthani musanachite china. Sinthani kamodzikamodzi, mukuyesa, kuti mukalakwitsa mudziwe pamene mwalakwitsa. Werengani mavolti olembedwa pa kapasita watsopano, akhale 400 kapena 630, osati wa 25 womatula pa bolodi la DVD. Yezaninso marezisita, chifukwa akale muyeso wawo umakwera akamakalamba. Pozula vavu gwirani m'munsi, muzule imodzi panthawi, ndipo musaipukute ndi nsalu yonyowa, nambala yake imafufutika ndipo simudzadziwanso dzina lake. Mavavu monga EL84, 6V6 ndi ECC83 akupangidwabe ku Slovakia, ku Russia ndi ku China chifukwa oimba magitala amawafuna, koma ena ambiri mumayenera kuitanitsa otsala akale kapena kuchotsa pa wailesi ina yakufa. N'chifukwa chake wailesi yophwanyika simuipereka kwa ogula zitsulo.

Pali zinthu zimene luso lake ndi kuzisiya. M'timabokosi ta aluminiyamu toima pa chasisi muli timasikuluwu tooneka ngati tamasuka. Sitinamasuke, tinatchunidwa kufakitale ndi makina oyezera, ndipo mukatipotokola wailesi imagontha, osabwereranso popanda makina omwewo. Galasi lakutsogolo, lolembedwa maina a mizinda ndi manambala, musalitsuke kumbuyo kwake. Utoto wa zilembozo umachoka ndi madzi enieniwa, ndipo wailesi yofufutika nkhope mwiniwake saizindikiranso. Chingwe chokoka muvi wosakira masiteshoni chijambuleni musanachimasule, mayendedwe ake pa timawilo ndi osokoneza. Pepala la sipika likang'ambika limamatidwa ndi kapepala kopyapyala ndi guluu wofewa. Bokosi musalipale ndi sandipepa n'kulithira vanishi wonyezimira wa pa mipando ya m'mbali mwa msewu. Pukutani, matani pamene pamatuka, thirani mankhwala pamene pafumbwa, basi. Pamene utoto unatha chifukwa cha chala cha mwini wake posaka siteshoni, pasiyeni, mayi uja akufuna wailesi ya bambo ake, osati yatsopano.

Mukachita mwayi n'kupeza Saucepan yeniyeni, kumbukirani kuti siidziwa magetsi a pakhoma. Imafuna mphamvu ziwiri, mavolti 1.5 otenthetsera mavavu ndi mavolti 90 oyendetsera. Batire lake silipezekanso, koma batire limodzi lalikulu la tochi ndi mabatire khumi a mavolti 9 olumikizidwa mondondozana amakwanira. Mukasokoneza mawaya awiriwa, mavolti 90 n'kupita kumene kumafunika 1.5, mavavu onse anayi amapsa musanaphethire.

Nanga chilungamo kwa kasitomala? Muuzeni poyambirira kuti mawailesi ambiri a nthawi imeneyo alibe FM, amagwira medium wave ndi short wave basi, pamene Zodiak, MBC Radio 2 ndi nyumba zambiri zoulutsira mawu za masiku ano zili pa FM. Ndi eriyo ya waya wautali, usiku, adzamva masiteshoni akunja, koma ma LED, matchaja ndi mainvata a m'nyumba za ku Area 47 adzamusokosera. Ngati akufuna kumva za kuno, mawailesi ambiri ali ndi polowetsera galamafoni kumbuyo, ndipo pamenepo mungalumikize kawailesi ka FM kapena foni popanda kuboola kanthu, bola ikhale wailesi ya thiransifoma. Koma za kupanga kachipangizo koulutsira mawu kuti wailesiyo izigwira za kuno musaziyambe mwachisawawa. Mu 2009 Gabriel Kondesi wa ku Mulanje anamangidwa chifukwa choulutsa mawu pa wailesi yake ya Pachikweza popanda chilolezo cha MACRA, ngakhale dziko lonse linagoma ndi luso lake. Muuzeninso mwiniwake kuti ntchito itenga masabata, gwirizanani mtengo wa kuyeza padera ndi wa kukonza padera, ndipo zonse zimene mwachotsa mumubwezere m'kapepala. Mumulangize kuti asamaisiye ikuyaka m'nyumba mulibe munthu.

Mwina mukufunsa kuti phindu lili pati, poti mawailesi otere sabwera tsiku ndi tsiku. Phindu lake ndi mutu wanu. Pa foni mumachotsa chakufa n'kuikapo china, osaona chimene chinachitika. Mu wailesi ya mavavu chilichonse chili poyera, mungathe kulondola mawu ndi mita kuchokera pa eriyo mpaka pa sipika n'kumvetsa ntchito ya kachipangizo kalikonse. Wozolowera kulondola chonchi sasowa chochita pa invata, pa ampulifaya ya kutchalitchi kapena pa makina a sola. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anayamba n'kumasula mawailesi akufa asanamange makina ake opukusa magetsi ndi mphepo. Amene muli ku Lilongwe Technical College kapena m'maphunziro a TEVETA, pemphani aphunzitsi akuonetseni kuwerenga mapu a mawaya, ndipo mukhale ndi kope lolembamo mavolti amene mwapeza pa mwendo uliwonse wa vavu.

Amisiri amene anaphunzira ntchito pa mavavu atsala ochepa, ena maso anachita mdima, ali phee ku Kawale, ku Biwi ndi ku Mchesi. Afuneni, muwatengere shuga ndi sopo, muwanyamulire wailesiyo akaimve ndi khutu lawo. Ndipo ikakukanikani, musachite manyazi kuibweza mmene inabwerera n'kunena kuti, "Mayi, apa pandipitirira, tiyeni tifunse akuluakulu." Wailesi imene mwaibweza yosalankhula wina adzaidzutsa chaka chamawa, koma imene mwaiwotcha thiransifoma ndi kuifufuta galasi palibe adzaibwezeretse.